Nanzikambe wa pa Sukulu ndi Cakudya Cace

Abale, mudziwa nonse nthano ya makolo athu, yakuti Mulungu anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye anacedwa m'njira, ndipo buluzi anampitirira ndi mau a imfa. Cifukwa ca nthano iyi ambiri amuda kufikira lero, ndipo anyamata akampeza amthira fodya m'kamwa kuti afe. Ifenso tinakula ndi mantha omwewo.

Mvula itayamba, ana a sukulu anapeza tiana tiwiri ta nanzikambe m'munda wa sukulu, tosaposa cala caching'ono kutalika kwace. Pakuti nanzikambe wa m'midzi mwathu akumba dzenje naikiramo mazira, ndipo ana aturuka m'nthaka itapita miyezi yambiri. Tinawaletsa anawo kutipha, ndipo tinati, Tiyeni titisunge, tione ngati muli coipa mwa ito. Tinamanga kakhola ka nsungwi, tinakakuta ndi nsaru yopyapyala, ndi kuikamo nthambi zamasamba.

Pamenepo bvuto linaoneka. Nanzikambe sadya canthu cakufa, koma cokhaco cimene aciona cirikuyenda. Ndipo ziwala ndi nchenche za m'nyumba zinatikulira pakamwa. Mwana wina wamkazi ndiye anatikumbutsa tinchenche tija ta maso ofiira timene tiunjikana pa makoko a mango. Tinayamba kutiweta, ndipo njira yace ndi iyi.

Tengani botolo la pakamwa papakuru, muphwanyiremo nthoci yakupsa kwambiri pamodzi ndi phala pang'ono. Mulisiye cotsegula tsiku limodzi patsinde pa mango, kuti tinchenche tilowe ndi kuikira mazira. Pamenepo mumange kansaru pakamwa pace ndi luzi. Muikemonso makoko ouma a cimanga. Dzira liswa patapita tsiku limodzi. Mphutsi idya masiku 4 kapena 5, nikwera pa makoko aja, niuma ngati kambeu. Ndipo pa tsiku la 10 ituruka ndi mapiko. M'nyengo yozizira zicedwa koposa. Botolo likhale pamthunzi, m'mbale ya madzi, cifukwa ca nyerere. Podyetsa, mulitsegulire m'khola, ndi kuika kanthoci pa nthambi kuti tisonkhane pamenepo. Madzi muwaze pamasamba m'mawa, pakuti nanzikambe samwa m'mbale, koma anyambita madontho. Ndipo asowanso kuothera dzuwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana amene sakhala cete m'kalasi anakhala duu pakhola, napenya diso limodzi lirikuyang'ana kutsogolo, lina kumbuyo, kufikira onse awiri alunjika pamodzi, ndipo lilime lotalika ngati thupi lace lomwe liponyedwa ndi kubwera ndi kanchenche. Anamgwira m'manja, ndipo palibe anadwala kapena kutupa. Pakuti nanzikambe alibe ululu. Tinawauzanso kuti mu 2006 akatswiri anacha mtundu wina wa pa phiri la Mulanje dzina lakuti Nadzikambia, kulitenga ku cinenero cathu comwe.

Koma tsopano tibvomereze kulakwa kwathu. Botolo limodzi silikhala cikhalire. Cakudya cace citha, kapena cicita nkhungu, ndipo payenera kuyamba latsopano sabata iri yonse. Pa masiku a Krisimasi ana anabalalika kumidzi, ndipo ife tinatanganidwa ndi zamapemphero, tinakhulupirira botolo limodzi lakale. Polipenya tinapeza nkhungu yokha yokha. Tinayamba lina msanga, koma masiku 10 aja sacepetsedwa cifukwa munthu ali ndi cangu; ndipo tinchenche togwira pa makoko sitinakwanire. Kamodzi kanaonda, kanada, nikafa. Ana pobwera anafunsa, ndipo sitinawabisire: sanakaphe ndi fodya, koma mphunzitsi wao anakapha ndi kuiwala.

Kotsalako tinakalera kufikira kanayamba kugwira ziwala, ndipo tinakabwezera ku mpanda wa munda, kumene Mlengi wace akadyetsa tsiku ndi tsiku osaiwala.

Cimene tinaphunzira ndi ici. Munthu akacotsa colengedwa kuthengo nacitsekera, wasenza yekha nchito ya kucidyetsa, ndipo cifundo ca tsiku limodzi sicikwanira. Cifunika ca mawa lomwe ndi mkuja. Cakudya ca lero cikonzedwa masiku 10 asanafike. Si momwemo kodi ndi mbuzi ya pacingwe, ndi garu wa pakhomo, ndi mwana wamasiye amene tinamlandira pamaliro pamaso pa anthu? Cifukwa cace, abale, mukampeza nanzikambe m'njira, musamuphe. Ndipo ngati simungathe kumdyetsa, musamtsekere. Mlekeni apite ndi kuyenda kwace.