Tepi, Kope ndi Bwato: Ntchito Yanga Pakati pa Anthu Aulumali ku Usisya

Ntchito yanga ilibe shopu kapena chikwangwani. Mabungwe ndi maofesi a zaumoyo amandilemba kwa kanthawi kuti ndikaone ngati munthu waulumali akadwala amalandira chithandizo monga mnzake, ndipo ngati salandira, ndipeze chimene chikumutsekereza. Pa pepala la mgwirizano amalemba kuti consultant. Zida zanga zimakwana m'chikwama chimodzi: tepi yoyezera, kope, mapepala a mafunso, foni yojambulira mawu, ndi nsapato zosaopa miyala.

Ntchitoyi ndaigwirapo m'matauni, koma kumene inandikhwimitsa ndi ku Usisya, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu M'bwana. Kutsogolo kuli nyanja, kumbuyo kuli mapiri. Msewu wochokera ku Mzuzu umatsika phiri mokhotakhota, ndipo mvula ikagwa ngakhale madalaivala odziwa njirayo amayamba aganiza kaye. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, imaima patali ndi gombe chifukwa palibe doko. Anthu amatsikira m'maboti aang'ono, kenako n'kuponda m'madzi katundu ali pamutu. Wamiyendo yolimba amangoti ndi ulendo. Mayi amene sayenda, mwana wamkulu amene sakhazikika khosi, kapena gogo wosaona, pamenepo m'pamene chipatala chachikulu chimawathera.

Choyamba pa ntchitoyi n'kupeza anthu ake. Wongoyamba kumene amathamangira ku kaundula wa chipatala, n'kupeza kuti aulumali ndi ochepa, n'kulemba kuti vuto ndi laling'ono. Koma kaundula amalemba amene anafika. Ine ndimafuna amene sanafike. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi azaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 peresenti ali ndi ulumali wa mtundu wina, anthu opitirira 1.5 miliyoni. Ndiye ndikaona mzere wa odwala wopanda ndodo, wopanda wolankhula ndi manja, ndimadziwa kuti anthuwo ali m'nyumba, ndipo ndiyenera kuwalondola komweko.

Polondolapo ndimadalira alangizi a zaumoyo, mafumu, amipingo ndi makomiti a m'midzi. Kafunsidwe nako kali ndi luso. Msodzi wa ku Usisya amadziwa kuti maso a ukonde ndiwo amasankha nsomba: wa maso aakulu usipa umangodutsa. Mafunso nawo n'chimodzimodzi. Ukafunsa pakhomo kuti muno muli wolumala, ambiri amakana, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa agogo osamva bwino amangowaona ngati okalamba basi. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito mafunso asanu ndi limodzi a Washington Group, amene amafunsa zimene munthu amavutika kuchita: kuona, kumva, kuyenda kapena kukwera chitunda, kukumbukira, kusamba ndi kuvala yekha, komanso kumvana ndi anthu polankhula. Pa funso lililonse munthu amanena ngati savutika, amavutika pang'ono, amavutika kwambiri, kapena sangathe n'komwe. Mukafunsa motero, khomo lomwe linati mulibe limakutulutsirani anthu awiri.

Sindiyenda ndekha, ndipo mgwirizano wopanda ndalama yolipira mnzanga waulumali wa m'deralo sindiusainira. Iye si wondiperekeza. Ndi wofufuza mnzanga, amene amalankhula Chitumbuka ndi Chitonga cha kunyanja kuposa ine, ndipo akakhala pamphasa anthu amamasuka m'njira imene sangamasukire kwa mlendo wonyamula kope. Zimenezi ndinaziphunzira kwa anthu a m'mabungwe a aulumali eniake, omwe ali pansi pa FEDOMA, amene akhala akulimbikira kuti nkhani zawo zisamakambidwe iwo palibe.

Pakhomo pali mwambo wake. Timapereka moni, timafotokoza amene watituma, timanena poyera kuti sitinabwere kudzalemba maina a Mtukula Pakhomo kapena kugawa njinga za aulumali, chifukwa chiyembekezo chabodza chimapweteka kwambiri. Kenako ndimayang'ana mwiniwake. Nthawi zambiri womusamalira amafulumira kuyankha, ndipo ndimamupempha mwaulemu: “Amama, mundilole ndiyambe ndamva kwa adadawa, inu ndikufunsani zanu pambuyo pake.” Zake ndimafunsadi, pakuti msana umene umabereka munthu wamkulu kutsika naye phiri nawonso umadwala, ndipo palibe amene amaufunsa.

Tepi ija imagwira ntchito pachipatala. Polowera potsetsereka, pamene amisiri amati rampu, payenera kukwera sentimita imodzi pa masentimita 12 alionse. Ndaonapo ambiri omangidwa ndi mtima wabwino koma otsetsereka moti wokhala pa njinga sangakwere yekha, ndipo potsika ndi ngozi. Chitseko chimafunika masentimita pafupifupi 90. Ndimayeza kutalika kwa bedi lopimira amayi oyembekezera, ndimalowa m'chimbudzi kuona ngati muli pogwira, ndimaona ngati mpopi ungatsegulidwe ndi munthu wa dzanja limodzi. Koma ku Usisya ndinasintha poyambira. Ndimayamba kuyeza pa mphasa imene wodwala wagona. Kuchoka pamenepo pali kanjira ka miyala, pali mchenga umene umameza matayala a njinga, pali bwato. Ndimalemba mtengo wa ulendo wa anthu awiri kapena atatu, chifukwa wodwala wotere sayenda yekha, ndiponso tsiku la usodzi kapena la kumunda wa chinangwa limene operekezawo ataya. Ndimafunsanso za miyezi ya mwera, pamene nyanja imakalipa ndipo bwato silingachoke. Rampu ndi mamita omaliza a ulendo wautali. Ndikalemba za rampu yokha ndiye kuti ndanamiza amene anandituma.

Pali zina zimene tepi siingayeze, ndipo ndi zimene zimandisowetsa tulo. Mtsikana wosamva akafuna kuyezetsa magazi kapena kufunsa za kulera, womasulira wake amakhala mayi ake kapena mlongo wake. Chinsinsi chimene wina aliyense amapatsidwa m'chipinda cha dokotala iye alibe, choncho ambiri amangosiya osapita. Bungwe la osamva la MANAD linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha Malawi mu 2021, ndipo ku Bandawe m'boma lomwe lino kuli sukulu ya ana osamva, koma wamkulu amene sanapiteko kusukulu amalankhula ndi zizindikiro za pakhomo pawo zokha. Kwa iye ndimalangiza zithunzi, nthawi yokwanira, ndi kumulola asankhe yekha munthu womumasulira. Wosaona akapatsidwa timapepala titatu ta mapilitsi ofanana kukula kwake, amafunika wina amange mfundo kapena adule ngodya kuti azisiyanitsa ndi zala. Anthu achialubino, amene pa kalembera wa 2018 uja anapezeka 134,636 m'dziko muno, amafunika mafuta oteteza khungu, chipewa chachikulu ndi wina wowapima zilonda msanga, makamaka kuno kumene dzuwa limawomba kuchokera kumwamba ndi pamadzi pomwe.

Khunyu ndiye ndimaiikira tsamba lakelake. Kumudzi wa kunyanja moyo wonse uli pamadzi: kusamba, kuchapa, kutunga, kuwedza. Munthu akagwa ali m'madzi ofika m'mawondo angathe kumira anzake ali chapafupi. Mankhwala ake ndi otsika mtengo, koma amafuna kumwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa. Choncho ndimawerenga m'buku la kuchipatala la wodwala masiku amene analandira mankhwala, n'kuona mipata. Mipatayo kawirikawiri imagwera m'miyezi ya mvula ndi ya mwera. Si ulesi wa wodwala. Si nkhanzanso za anamwino, amene ambiri ndawapeza akugwira ntchito ya anthu angapo, usana ndi usiku, kutali ndi mabanja awo. Ndikawafunsa bwino amandiuza okha zimene akusowa, ndipo mayankho abwino kwambiri m'malipoti anga ena anachokera kwa iwo.

Kulemba lipoti ndiye theka lina la ntchito. Malamulo alipo ondithandiza. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, anakhazikitsa lamulo la aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 panabwera lamulo latsopano limene linasandutsa bungwe loona za aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Lipoti la WHO la mu 2022 linanena kuti anthu 1.3 biliyoni pa dziko lonse ali ndi ulumali waukulu, ndipo ena mwa iwo amamwalira msanga ndi zaka zofika 20 poyerekeza ndi anzawo. Zimenezi ndimazitchula mwachidule, chifukwa mkulu wa zaumoyo wa boma sakusowa chiphunzitso. Akufuna kudziwa choti achite Lolemba, ndi ndalama zingati, ndipo achite ndani. Ndiye ndimayamba ndi zosalira ndalama: waulumali asaime pa mzere wautali, wa khunyu amene mankhwala amuyanja apatsidwe a miyezi ingapo mwera usanayambe, mlangizi wa zaumoyo akamayendera mudzi alowenso m'nyumba za amene satuluka. Zofuna bajeti zimabwera pambuyo, chilichonse ndi mtengo wake.

Pa zikuluzikulu maganizo anga sasintha. Kwa dera ngati Usisya, Ruarwe ndi midzi ya pakati pake, n'kwapafupi kuti chithandizo chikwere bwato kusiyana n'kuti odwala onse aberekedwe kupita ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay. Akatswiri a mafizo, a maso ndi a matenda a maganizo atabwera pa masiku odziwika, olengezedwa m'matchalitchi ndi kwa mafumu, anthu angakonzekere. Opanga miyendo yoikirira ali ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, a bungwe lothandiza aulumali la MAP ali ku Rumphi, a St John of God othandiza odwala matenda a maganizo ali ku Mzuzu komweko, koma mwendo woikirira umafuna kukonzedwa ndipo njinga imafuna matayala. Ndimalemba kuti wokonza njinga za kapalasa wa pamsika aphunzitsidwe ndi kupatsidwa zipangizo, apo ayi njinga yamphatso imathera pakhonde chaka chisanathe.

Lipoti ndisanalipereke kwa ondilemba ntchito, ndimabwerera kukaliwerenga pamaso pa amene anandiuza nkhani zawo, m'chilankhulo chawo, womasulira ndi manja ali pambali. Amandikonza, amawonjezera, nthawi zina amasintha zimene ndinaika patsogolo: ine nditatsogoza chimbudzi cha pachipatala, iwo amatsogoza mtengo wa bwato, ndipo zawozo ndi zimene zimalowa pa tsamba loyamba. Kope limodzi limatsala kwa komiti ya zaumoyo ya m'deralo ndipo lina kwa gulu la aulumali, kuti pa msonkhano wa chitukuko wa dera akhale ndi pepala m'manja pofunsa kuti zimene zinalonjezedwa zafika pati.