Musananyamule chinkhwe kuchokera ku Durban

Madalaivala ndi amalonda a pagulu pano, ndilankhuleko za katundu wina amene anthu ayamba kukupemphani kuti muike kuseri kwa mpando: zinkhwe, makamaka zotuwa za mchira wofiira zija amati African Grey.

Ine ndimagwira ntchito kwa bwana wina woweta mbalamezi mbali ya Hillcrest, kunja kwa Durban. M'mawa uliwonse ndimatsuka mbale, kudula zipatso ndi kuyendera makola. Anthu amaona ngati ndi ndalama yophweka poti mwana mmodzi amagulitsidwa marandi masauzande angapo. Koma African Grey imatenga zaka zinayi kapena kuposa isanayambe kuswana, ndipo yaimuna ndi yaikazi zikapanda kukondana, mungazidyetse zaka osaona dzira. Zikagwirizana, yaikazi imaikira mazira awiri mpaka anayi, n'kufungatira pafupifupi mwezi. Ana ena timawadyetsa phala ndi sirinji, usiku womwe, ngati khanda la munthu. Ndi mbalame yosachedwa kukhumudwa. Mukaisunthira pamalo achilendo imasiya kudya, ina imadzizula nthenga mpaka pachifuwa mbee. Peyala limene ife timadyera buledi, kwa iyo ndi poizoni.

Ndiye taganizani mbalame yotere mukatoni, masiku anayi kapena asanu pamsewu, kutentha kwa pa Beitbridge uku muli pamzere, kenako Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza. Mu December 2010 zinkhwe zoposa 600 zochokera ku Congo zinafera mu ndege pakati pa Johannesburg ndi Durban. Ulendo wa ola limodzi chabe umenewo.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi inuyo. Mu 2016 mayiko a m'pangano la CITES anakumana ku Johannesburg n'kuika African Grey pa Appendix I, gulu la nyama zotetezedwa kwambiri. Kuyambira January 2017, yogwidwa kutchire sigulitsidwanso kudutsa boda. Yobadwira m'khola imatuluka, South Africa amatumiza zambiri kunja, koma woweta akhale wolembetsedwa ku CITES, pakhale permit yotulutsira, kalata ya dokotala wa zinyama wa boma, ndiponso chilolezo cha kwathu, ku Parks and Wildlife ndi kwa a za ziweto. Kuno ku KZN nkhani za ma permit a nyama timayambira ku Ezemvelo. Lisiti la ku pet shop si permit. Limangosonyeza kuti munthu analipira.

Ndipo pa boda safunsa amene anatumiza. Amagwira amene mbalame yapezeka m'galimoto yake. Lamulo la kwathu la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30 kundende. Onjezanipo truck ya kampani itaima pa boda ndi katundu wa eni ake. Mwini chinkhwe nthawi imeneyo foni yake sipezeka, inu mwalandira R500 ya drink basi.

Wina akakuuzani kuti ndi yobadwira m'khola, yang'anani mwendo. Oweta enieni amaveka kamphete kopanda msoko mwana adakali wamng'ono, phazi likakula sikavukanso, sikalowanso. Kamphete kochita kupana ndi pulayala aliyense akhoza kuika pa mbalame yakuba. Ndipo zakuba zilipo, makola a kuno amathyoledwa usiku.

Pali zina zobiriwira za mchira wautali, ma ringneck, zimene zimauluka m'magulu m'mitengo ya mu Durban muno. Makolo ake anathawa m'makola a anthu, pano boma limaziwerengera m'gulu la mbalame zachilendo zowononga, kuweta kwake kumafuna permit. Anyamata amazigwira n'kumagulitsa motchipa. Izi ndiye ndimakana ngakhale zaulere, chifukwa pali matenda othothola nthenga ndi kuwononga mlomo amene alibe mankhwala, ndipo mbalame imatha kukhala nawo osaonetsa. Kwathu ku Liwonde tili ndi tizinkhwe tathu ta Lilian's lovebird, tochepa kale, sitikufunika kubweretseredwa zimenezo.

Amene mukufunadi chinkhwe kunyumba, gulani kwa woweta wolembetsedwa, mapepala atuluke kaye, ibwere pa ndege mpaka Chileka kapena Kamuzu. Zimatenga nthawi ndipo n'zodula. Mukambiranenso ndi ana anu, chifukwa mbalameyi imakhala zaka 40 kapena kuposa, mwina adzaisamale ndi iwowo.