Kadontho ka Magazi pa Khutu la Mphaka

Mukaika tochi kuseri kwa khutu la mphaka, khutulo limawala ngati tsamba lanthete, ndipo m'mphepete mwake mumaoneka kamtsempha kofiira, kochepa ngati ulusi wosokera. Pa kamtsempha kameneka m'pamene ndaphunzira zambiri za ntchito yanga.

Kwathu ndi ku Katete. Ntchito yothandizira dokotala wa ziweto ndinaiphunzira ku Mazabuka, pa Zambia Institute of Animal Health, ndipo pochoka kumeneko mtima wanga unali pa ng'ombe: dibi, nkhupakupa, katemera, kuthena. Koma ntchito inandipeza ku Kitwe, pa kachipatala ka ziweto komwe odwala ambiri ndi agalu a ku Parklands ndi ku Riverside odzabayitsa katemera wa chiwewe. Amphaka amabwera mwa apo ndi apo. A shuga ndiye ochepa kwambiri, koma mmodzi yekha amandidyera nthawi kuposa agalu khumi, chifukwa matenda amenewa sathera pa tebulo lathu. Amasamalidwa kunyumba, kawiri pa tsiku, ndi manja a eni ake. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa manja amenewo.

Mu Seputembala 2024 kunabwera agogo ena a ku Nkana East pamodzi ndi mdzukulu wawo wamkazi wa giredi 11, mphaka ali m'dengu lokutidwa ndi chitenje. Anayamba ndi Chibemba monga achitira aliyense pa Copperbelt, koma atamva lilime langa anatembenuka pomwepo. Anali a ku Chadiza, ndipo anabwera kuno kalekale ndi amuna awo amene ankagwira ntchito mu mgodi wa Nkana.

"Mwana wanga," anatero, "chonayu akumwa madzi ngati ng'ombe. Pamene wakodza pakudzaza nyerere. Kudya akudya, koma tagwira msanawu, mafupa okhaokha. Ine zimenezi ndinaziona kwa malemu bambo."

Agogowo sanalakwe. Mphakayo, Kambuku, anali wamwamuna, wothena, wa zaka 10, ndipo asanayambe kuwonda anali wonenepa kwambiri. Amphaka otere ndiwo amagwidwa kawirikawiri. Titamutsitsa pansi ndinaona kuti miyendo yakumbuyo akuiponda yonse ngati kalulu, m'malo moyendera zala, chizindikiro choti shuga wafooketsa mitsempha. Makina oyezera shuga anaonetsa 24. Mphaka wabwinobwino amakhala pakati pa 4 ndi 8, mu mmol/L monga awerengera makina athu kuno.

Komabe dokotala sanathamangire kulemba mankhwala. Mphaka ndi nyama yamantha, ndipo mantha okha amakweza shuga. Mum'tsekere m'dengu, mum'kweze minibasi, afike pamalo pomwe agalu akuuwa, shuga wake atha kufika 15 ngakhale kupitirira alibe matenda alionse. Tinayeza mkodzo n'kupezamo shuga wambiri, kenaka tinatumiza magazi kukayezetsa fructosamine, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira kwa masabata awiri kapena atatu apitawo. Itabwera yokwera m'pamene tinatsimikiza. Nkhani ya manthayi ndi imenenso imandichititsa kukakamira kuti eni ake aziyeza okha kunyumba. Nambala ya mphaka amene wagona pa mphasa yake imanena zoona kuposa ya pa tebulo lachitsulo.

Ndinafunsa zimene Kambuku amadya. Nsima yonyowetsedwa ndi msuzi wa kapenta, ndi timabisiketi ta amphaka ta m'sitolo mwezi ukatha bwino. Ndi chakudya cha chikondi, koma thupi la mphaka linalengedwera nyama. Nsima imasanduka shuga m'magazi, timabisiketi tambiri natonso n'todzaza ndi ufa, ndipo kapamba, amene amatulutsa insulini, amatopa. Tinagwirizana zosiya nsima pang'onopang'ono, n'kulowetsa chakudya cha m'chitini, nkhuku yophika, dzira, ndi kapenta woviikidwa m'madzi kuti mchere uchoke. Msuzi wa anyezi ayi, chifukwa anyezi amawononga magazi a mphaka. Ndinawachenjezanso kuti asam'mane chakudya pofuna kutsitsa shuga. Mphaka akakhala masiku angapo osadya, chiwindi chimadzaza mafuta ndipo atha kufa nazo.

Manja a agogo ankanjenjemera, choncho wophunzira wanga anali mtsikanayo. Loweruka ndinapita kunyumba kwawo. Tinathira mpunga m'sokosi yakale, n'kuimanga, n'kuitenthetsa pa chivindikiro cha poto mpaka ifunde, osati kuotcha. Khutu lozizira silitulutsa magazi, makamaka m'mamawa wa Juni ndi Julayi. Mumaika sokosiyo pakhutu kwa kanthawi uku mukumusisita mphakayo pakhosi. Kenaka mumapaka Vaseline pang'ono zedi kuti magazi aunjikane m'malo momwazikira muubweya. Kapepala koyezera kakhale kataikidwa kale m'makina. Thonje kuseri kwa khutu, kutchinjiriza chala chanu, ndiye mumabaya msangamsanga pakati pa kamtsemphako ndi m'mphepete mwa khutu. Kadontho kofunika n'kochepa ngati njere ya chitowe. Kapepala kakangokakhudza kamakoka kokha, ndipo inu mumapsinja pobayapo ndi thonje kuti pasatupe. Pomaliza kanthuli ka nkhuku, nthawi zonse, ngakhale magazi atakana kutuluka.

Tsiku limenelo anakanadi. Mtsikanayo anabaya kanayi, Kambuku anapukusa mutu, kadontho kamodzi kamene kanatuluka kanagwera pa diresi.

"Ankolo, ndikumupweteka," anatero misozi ili lengelenge.

Ndinam'gwiritsa khutulo kuti aone kupyapyala kwake, n'kumuonetsa kuti mphakayo akunyambita zala zake kufuna nkhuku ina. Chimene mphaka amadana nacho ndi kupanikizidwa, kubayako sakumva kwenikweni. Tinasiya, tinamwa tiyi, tinayesanso madzulo, ndipo zinatheka. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri khutu limazolowera ndipo magazi amatuluka mosavuta.

Makina anali a malemu bambo aja, amuna a agogo, Accu-Chek. Makina a anthu amakonda kuwerenga motsika pang'ono pa magazi a mphaka. Alipo opangidwira ziweto, monga AlphaTRAK, koma timapepala take n'tovuta kupeza kuno. Ine ndimati gwiritsani ntchito amene muli nawo, koma akhale omwewo tsiku lililonse, ndipo kabotolo ka timapepala kazitsekedwa, chifukwa chinyezi cha dzinja chimatiwononga.

Dokotala analemba insulini yotchedwa Lantus, yuniti imodzi 6 koloko m'mawa ndi ina 18 koloko, kutalikirana maola 12. Yuniti imodzi ndi kadontho koti maso okalamba sangakaone m'jakisoni. Mtsikanayo anayeserera pa lalanje ndi madzi, kenaka pa Kambuku. Mumatsina chikopa cha m'mbali mwa nthiti n'kuchikweza ngati kamsasa, singano ilowe m'munsi mwa kamsasako, mukankhe, mutulutse. Mukapeza ubweya wanyowa ndipo ukununkha mankhwala, ndiye kuti singano inatulukira mbali ina. Musabayenso, pakuti simudziwa kuti yalowa yochuluka bwanji. Dikirani nthawi yotsatira. Dokotala anawaikiranso malire: nambala ikakhala pansi pa 8 musanabaye, kapena mphaka akakana chakudya, imbani foni kaye.

Agogo anatulutsa m'kabati mapiritsi a shuga otsala a amuna awo n'kufunsa ngati sangam'phwanyireko theka. Ndinawapempha kuti andipatse onse ndikawataye moyenera.

Chaka chimenecho chinali cha chilala. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo malaiti ankazima maola oposa 17 pa tsiku. Insulini imasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ikatentha imatha mphamvu, ikaundana imawonongekeratu. Lantus yotsegulidwa imapirira kunja kwa filiji masiku 28 ngati kutentha sikupitirira madigiri 30, koma masana a Okutobala ku Kitwe amapitirira pamenepo. Apa agogo ndiwo anandiphunzitsa. Anatenga mtsuko, anathiramo mchenga wonyowa, kabotolo ka insulini anakaika m'kachitini kotseka n'kukakwirira mumchengamo, mtsuko n'kuuika pakona yamthunzi atauphimba ndi nsalu yonyowa. Ndi mmene ankasungira ya amuna awo akapita kumudzi. Mtsuko sufika kuzizira kwa filiji, koma umachotsa ukali wa dzuwa. Mwana wawo wa ku Ndola, amene ankagula mankhwalawo, ankawatumiza pa basi m'kabokosi ka madzi oundana, kabotolo katakulungidwa m'nsalu kuti kasakhudze ayisi. Ndinawauza kuti Lantus iyenera kukhala yoyera mbee ngati madzi. Ikachita mtambo, itayeni.

Chida chachikulu pa zonse chinali kope la sukulu. Tinalemba mizere: nthawi, nambala, mayuniti, wadya kapena ayi, madzi amene wamwa. Kamodzi pa sabata mtsikanayo ankayeza maola atatu alionse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuti tione pamene shuga amatsikitsitsa. Pamenepo m'pamene dokotala amayang'ana posintha muyeso. Eni ake ambiri akaona 19 m'mawa amafuna kuwonjezera pomwepo, osadziwa kuti masana mwina shugayo amafika pa 5. Muyeso umasinthidwa pakapita pafupifupi sabata, pang'onopang'ono, ndiponso ndi mawu a dokotala. Pofika Novembala Kambuku anali pa mayuniti 2.

Usiku wina cha m'ma 22 koloko foni inalira.

"Ankolo, Kambuku akudzandira ngati woledzera. Maso ali tong'oo, sakundiona."

Ndinamuuza ayeze. Inali 2.1. Pansi pa 3 ubongo umasowa chakudya, ndipo chotsatira ndi kukomoka. Ndinati atenge uchi pachala apake pa nkhama, asathire m'kamwa kuopa kum'tsamwitsa. Patapita mphindi 15 inali 3.4, mphaka anadzutsa mutu n'kudya pang'ono. Anapeza takisi, dokotala anam'patsa shuga wa m'diripi, ndipo tinachezera naye mpaka mbandakucha, chifukwa Lantus imakhalitsa m'thupi ndipo uchi ukatha shuga amagwanso.

M'mawa mwake mtsikanayo anatulutsa jakisoni amene anagwiritsa ntchito. Anali wa chivindikiro chofiira. Awo a chivindikiro cha olenji anali atatha, ndipo mnansi wina amene galu wake anali pa insulini ina yotchedwa Caninsulin anawapatsako ake mwa chifundo. Caninsulin ili ndi mayuniti 40 mu mililita imodzi, Lantus ili ndi 100. Majakisoni ake ndi osiyana. Mukakoka Lantus kufika pa mzere wa 2 m'jakisoni wofiira wa U-40, mwakoka mayuniti 5. Mwanayo anachita zonse monga ndinam'phunzitsira. Ine ndi amene sindinamuuze kuti majakisoni alipo a mitundu iwiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kuyambira pamenepo, munthu aliyense wobwera ndi chiweto cha shuga ndimayamba ndam'yalira awiriwo pa tebulo, wofiira ndi wa olenji, asanagwire n'komwe kabotolo.

Agogo anachita mantha moti anafuna kusiyiratu insulini. Ndinakhala nawo pansi nthawi yaitali. Kusiya kuli ndi ngozi yakenso: thupi likasowa insulini limayamba kuwotcha mafuta, m'magazi mumadzaza poizoni wotchedwa ketones, mphaka amasiya kudya, amasanza, amangogona. Zikatero si za kunyumba ayi, n'zothamangira kuchipatala. Anavomera kuti tipitirize, pa muyeso wotsika.

Ndikudziwa zimene anthu amanena. Ena pamsika wa Chisokone amaseka akamva za mphaka wobayidwa jakisoni kawiri pa tsiku pamene anthu a shuga akuvutika kupeza timapepala toyezera. Ena amanong'ona za ufiti akaona nkhalamba ikusamala chona chotere. Za mtengo sindikana: timapepala timadya ndalama kuposa insulini yeniyeniyo, ndipo banja lililonse ndimaliuza zoona lisanayambe. Amene sangakwanitse sindiwaweruza. Koma ndimakumbukiranso kuti insulini imene ikusunga anthu lero inayesedwa koyamba pa agalu, ku Toronto mu 1921, ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo kwa zaka zambiri inkachokera ku kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Agogo iwo yankho lawo linali lalifupi: mphakayu ankagona kumapazi kwa bambo miyezi yonse imene anadwala.

Amphaka ali ndi mwayi umene agalu a shuga saupeza kawirikawiri. Shuga akagwidwa msanga, chakudya n'kusintha, kapamba amapuma ndipo nthawi zina amayambanso kugwira ntchito. Kope ndi limene limaulula zimenezi: manambala amatsika pa muyeso womwewo, ndipo wosayeza sangadziwe kufikira mphaka atakomoka. Mu Januwale 2025 dokotala anatsitsa kufika pa yuniti imodzi, kenaka theka. Mu Febuluwale anati tisiye tione. Kwa masabata anayi manambala anakhala pakati pa 5 ndi 8 popanda jakisoni.

Nditapita kukawaona, Kambuku anali pamwamba pa mpanda, ndipo potsika anayendera zala. Ndinawauza kuti tsopano aziyeza kamodzi pa sabata, komanso nthawi iliyonse akaona kuti mbale ya madzi ikutha msanga, ndipo nsima isabwerere.

"Kope ndisunga, mwana wanga," anatero agogo. "Mtsuko nawonso sindiuchotsa."

Linali Loweruka, tsiku loyeza. Mtsikanayo anali ataika kale sokosi ya mpunga pa chivindikiro cha poto, ndipo Kambuku atamva fungo la nkhuku anabwera yekha n'kukwera pamiyendo pake.