Chitsime Chimene Oimba Anamwako

Ife amene tinakula tikumva pa wailesi nyimbo za anthu akuda a ku America, zotchedwa rhythm and blues, tizizwa poona kuti mbiri yake yazilala. Dzina limeneli linakhala mutu wa mndandanda wa nyimbozi m'magazini ya Billboard m'chaka cha 1949, ndipo kwa zaka zoposa makumi asanu nyimbozo zinamveka ponseponse. M'chaka cha 1992 nyimbo imodzi ya anyamata anayi a Boyz II Men inaposa zonse za m'dzikomo masabata 13. M'chaka cha 2004 nyimbo za Usher zinatsogolera masabata 28. Koma pofika 2010 nyimbo zovina zoimbidwa ndi makina, pamodzi ndi hip hop, zinali kulanda mpando wake. Sizinafe ayi, pakuti oziimba alipobe. Koma magulu aja ogwirizanitsa mawu anayi asowa.

Kodi chinaphwa nchiyani? Tiyeni tione kumene oimba aja anamwa. Sam Cooke anaimbira Mulungu m'gulu la Soul Stirrers asanatembenukire ku nyimbo za dziko m'chaka cha 1957. Aretha Franklin anali mwana wa mbusa wa mpingo wa New Bethel Baptist ku Detroit. Whitney Houston anayambira m'kwaya ya New Hope Baptist ku Newark. M'menemo mwana anaima pakati pa akulu sabata ndi sabata, naphunzira kusunga mpweya, kumvera mnzake, ndi kuvomera woyambitsa nyimbo. Sitinena kuti zonse zimene anaimba pambuyo pake zinali zoyera. Koma mawu awo anasulidwa m'nyumba ya Mulungu.

Tsono m'chaka cha 1997 kunadza chipangizo cha pa kompyuta chotchedwa Auto-Tune, choongola mawu okhota. Ife tiyesa kuti ogulitsa nyimbo anaona kuti munthu mmodzi ndi makina sadya ndalama monga gulu, ndipo achinyamata sanaonenso chifukwa chakupirira zaka zambiri m'kwaya. Makinawo aongola mawu, koma sangathe kuphunzitsa mwana kudzichepetsa kuti mnzake amveke.

Chifukwa chake, inu akulu a mpingo ndi inu amayi, musapeputse madzulo aja a kuphunzira nyimbo, kapena kuleka zokuzira mawu ziimbe m'malo mwa ana athu. Ngati dziko lalikulu lotere linataya chuma chake posiya chitsime, nanga ife a m'midzi? Makolo anati, kuongola mtengo mpoyamba. Aimikeni anawo pambali panu, ndipo muwaleze mtima akaphonya.