Kapulogalamu Kanga Kanameza Maina

Ndikuuze zimene zinandicititsa manyazi m'caka ca 2023. Gulu lathu la acinyamata kuno ku Rufunsa limasonkha ndalama mwezi uliwonse. Ine, pofuna kuonetsa kuti ku koleji sindinapite kukasewera, ndinalemba kapulogalamu ka Python kosunga maina ndi zopereka. Ndinakamanga ndi PyInstaller kuti kakhale fayilo imodzi ya .exe, msungicuma azingodina basi.

Pa laputopu yanga kanayenda bwino. Pa kompyuta yakale ya msungicuma kanakana, akuti fayilo ina ya DLL ikusowa. Iye anali ndi Windows 7, ndipo Python womaliza kugwira nchito pamenepo ndi 3.8. Ndinapalasa njinga kufika ku Great East Road kumene netiweki imagwira, ndinatenga 3.8, ndinamanganso, kanatseguka.

Tsoka lenileni linadza pa msonkhano wotsatira. Msungicuma atatsegula, zonse zimene analemba zinali zitasowa! Anthu anayamba kumuyang'ana ndi diso lina, ndipo iwe ukudziwa mmene nkhani ya ndalama imaphera cibale. Koma wolakwa ndinali ine. Fayilo imodzi yotere ikatsegulidwa imadzimasula m'foda yongoyembekezera, ya dzina loyamba ndi _MEI, ndipo ukaitseka fodayo imafufutidwa. Ine ndinali nditauza kapulogalamuko kuti kazisunga maina pamene kali, osadziwa kuti ndi m'foda imeneyo.

Cinatipulumutsa ndi buku la msungicuma, lomwe lija ndinaliseka pamaso pa anthu. Ndinapepesa pamaso pa anthu omwewo. Tsopano maina amasungidwa m'foda ya Documents, ndipo m'bukumo akulembabe.