Choko pa Mkono wa Katapila

Mwezi wa Okutobala chaka cha 2024, pamene eni magalimoto ankagona pamizere ya mafuta mumzinda wa Lilongwe, ife a pa madrasa ina yaing'ono kwa Njewa tinali ndi yathu nkhawa. Mvula inali pakhomo, koma ana amene timawaphunzitsa analibe zimbudzi zodalirika, ndipo wudhu ankachitira pabwalo ndi madzi a m'zigubu. Kwa inu a kunyanja amene simunafikeko, Njewa ali kumadzulo kwa Lilongwe, mumsewu wa ku Mchinji, kufupi ndi Chitedze, munthu asanafike pa Mpingu ndi pa Namitete. Kuno Asilamu ndife owerengeka, kotero njerwa iliyonse ya pamzikiti ili ndi mwini wake amene anadzimana kuti igulidwe. Dothi lake ndi katondo, amene m'chilimwe amauma gwa, khasu n'kumadumpha ngati lamenya mwala. Si mchenga wa kwathu ku Nkhotakota umene mwana amafukula ndi chikhatho.

Pachifukwa chimenechi komiti inagwirizana zochita hayala makina okumbira kwa tsiku limodzi. Makina otere anthu kuno amangowatcha katapila kapena JCB, kaya anapangidwa ndi kampani iti. Dzina lachiwirilo ndi zilembo zoyamba za Joseph Cyril Bamford, Mngelezi amene anayambitsa kampani yake mu 1945, n'kutulutsa thirakitala yokhala ndi mkono wokumbira kumbuyo mu 1953. Amene anabwera kwa ife sitinadziwe kuti ndi a kampani iti, poti anali atapakidwa penti wachikasu watsopano mpaka dzina kufufutika. Mkono wake uli ngati wa munthu. Chigawo chachikulu chochokera paphewa amachitcha boom, chochokera pachigongono amachitcha dipper, ndipo kumapeto kuli chidebe cha mano. Zigawozi zimalumikizana ndi mapini, ndipo chimaziyendetsa ndi oilo wopanikizidwa m'mapaipi.

Pangano lathu ndi mwini makina linali lomveka bwino: dzenje limodzi lalikulu ndi ngalande za maziko. Ndalama za jamaa ndinasunga ndine, ndipo ndine ndinapatsidwa udindo woyang'anira ntchitoyo. Woyendetsa anali mnyamata wodekha, wosachulutsa mawu. Pamene adhana ya Zuhri inkamveka, iye anali atamaliza zonse zimene tinapangana.

Pakhomo pa kalasi yathu panali chitsa cha bulugama chimene ana ankapunthwapo tsiku ndi tsiku. Titatuluka mumzikiti ndinachiyang'ana chitsacho, ndinayang'ana makina ali chiimire, ndipo mumtima ndinati mwayi wotere sudzabweranso. Ndinamupempha mnyamatayo kuti achizule.

"A Mwalimu," iye anatero, "chitsa cha bulugama sichizulidwa chomwechi. Pafunika kukumba mozungulira ndi kudula mizu ndi nkhwangwa. Komanso khomali latipinga, ndiye ndikhala ndikuchikoka cham'mbali. Mkonowu mphamvu yake ili pokokera kuno kumene ndakhala. Zokankhira cham'mbali umadana nazo."

"Achimwene, talipira tsiku lathunthu," ndinayankha. "Tayesani kamodzi kokha."

Ndinalankhula mawu amenewa ana akumva, nditavala mkanjo, ndikudziwa kuti mnyamata woleredwa bwino sangakanire mwalimu pamaso pa ophunzira ake. Anakwera, analiza injini. Chitsa chinagwedezeka koyamba, chinagwedezeka kachiwiri. Kachitatu panamveka phokoso ngati la mfuti, ndipo mkono unapindikira mbali imodzi. Boom inali itang'aluka pafupi ndi pamene pamagwira chitsulo choikankha. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine wanga anali atanditsina, koma sindinamve.

Mwini makina anafika madzulo ali wolusa. Koma a tcheyamani a komiti yathu, poyang'anitsitsa pamng'alupo, anaona kuti pansi pa penti watsopano panali chipsera cha kuwotcherera kwakale. Nkhani inatembenuka pomwepo. "Mwatibweretsera makina odwala," anatero a tcheyamani, "ife sitilipirapo ngakhale tambala." Mwiniyo analumbira kuti anawagula ali opakidwa kale. Atasowa pogwira, anatembenukira mnyamata wake n'kumuuza kuti malipiro ake adulidwa mpaka ngongole ithe, ndipo ikatha aone msana wa njira. Mnyamatayo anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuwerama. Za chitsa sananene kanthu. Nanenso ndinangoti chete.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ku koleji tinaphunzira mutu wa ijara, malamulo a kubwereketsa chinthu pamalipiro. Chinthu chochitidwa hayala ndi amana m'manja mwa wobwereka. Chikawonongeka pantchito imene munapangana, popanda kusasamala, wobwerekayo salipira. Akapyola malire a pangano, mlandu umamugwera. Ndinayesa kudzipulumutsa ndi maphunziro omwewo. Ndinati makina anabwera ndi woyendetsa wake, choncho sanakhalepo m'manja mwanga. Ndinati chilema chinalipo kale ndipo mwiniyo anayenera kuchidziwa. Mfundo zonsezi zinali ndi choonadi chake, ndipo munthu wophunzira ndiye amadziwa kusanja mfundo zoona kuti zimuikire kumbuyo. Koma mfundo iliyonse ikatha, chitsa chija chinkabweranso m'maganizo, chifukwa m'pangano munalibe chitsa.

Kutacha, mwini makina anatumiza mmisiri wowotcherera, bambo wachikulire wa imvi amene anati ntchitoyi anaiphunzira m'magalaja a ku Kanengo. Sanali Msilamu, koma atamva ana akuwerenga anafunsa ngati phokoso la jenereta silisokoneza. Ine ndinkayembekezera kuti ayatsa moto nthawi yomweyo. M'malo mwake anatha ola lathunthu asanakhudze ndodo yowotcherera. Anagoneka mkono pa zipika kuti usalendewere. Injini itazima, anauza mnyamata uja kuti agwedeze zogwirira zonse, oilo wa m'mapaipi apume, poti oilo wopanikizidwa amaboola khungu la munthu. Anamasula batire, anasuntha mapaipi amene anali pafupi, otsalawo n'kuwafunditsa masaka onyowa. Kenako anapala penti yense ndi grinder mpaka chitsulo kuyera.

Atatero anandicheukira. "A Mwalimu, m'kalasimo simungakhale choko?"

Ndinadabwa, koma ndinakatenga. Iye anathira palafini pamng'alu ndi m'mbali mwake, anadikira pang'ono, anapukuta pouma, n'kupaka choko chosinja. Tili chiyang'anire, pachoko choyeracho panayamba kutuluka kamzere konyowa, kopyapyala ngati ulusi. Kanadutsa pamene maso athu ankati mng'alu wathera, n'kupitirira utali wa chikhatho china.

"Mng'alu umene mukuuona si wonse," anatero. "Palafini amalowa mmene diso silifika, choko n'kumuitana kuti atuluke. Amene anawotcherera poyamba anangotseka pamwamba pamene ankaona. Mkatimu mng'alu unatsala, ndipo unkayenda pang'onopang'ono tsiku lililonse makina akamagwira ntchito."

Mtima wanga unayamba kupepuka, poganiza kuti mmisiri wandichotsa pamlandu. Koma iye anakanula mng'aluwo pang'ono ndi chitsulo n'kundiitana kuti ndisuzumire. Mkati mwake munali mitundu iwiri. Mbali ina inali yofiirira ndi dzimbiri, yosalala. Mbali inayo inali yoyera mbee, yokhakhala ngati shuga.

"Apa padzimbiri ndi pakale, mwina chaka, mwina kuposa. Apa poyera ndi padzulo. Ndipo taonani mmene papotokera. Mkonowu unakakamizidwa cham'mbali. Ukanamangokumba dothi, ukanapirira miyezi ina ndithu. Chitsulo sichinama, a Mwalimu." Sanandifunse chimene chinachitika. Anangoyang'ana chitsa chija, chimene chinali ndi mabala a mano a chidebe, n'kubwerera ku ntchito yake.

Zimene anachita kenako zinandiwawa kuziona. Kumathero onse awiri a kamzere kaja anaboola kabowo, kuti mng'alu ukafika pamenepo usowe nsonga yopitirira nayo. Ndiye anasema mng'alu wonse ndi grinder, n'kuchotsa kuwotcherera kwakale konse, mpaka panatsala ngalande yotakata pamwamba, yopapatiza pansi. Bala linakula kuposa mmene linalili. Nditamufunsa ngati sakuwonjeza kuwononga, anati chitsulo chatsopano sichigwirana ndi dzimbiri, ndipo moto uyenera kufika pansi penipeni pa mng'alu. Anatenthetsa malowo ndi moto wa gasi asanayambe, kuti chitsulo chozizira chisadzidzimuke. Ndodo zake zinali za nambala 7018, ndipo ankazisunga m'chitini pamwamba pa mbaula, poti zikamwa chinyezi zimasiya ming'alu ina mkati mwa kuwotchererako. Waya wobwezera moto anaumanga pafupi ndi pamene ankawotcherera, kuti moto usadutse m'mapini. Ankayala mzere umodzi, kugogoda makoko ake, kupukuta ndi burashi ya waya, kenako mzere wina pamwamba pake, mpaka ngalande kudzaza.

Mwana wina, pofuna kuthandiza, anabwera ndi ndowa ya madzi kuti aziziritse. Mmisiri anamuletsa msanga. Chitsulo chozizitsidwa mwadzidzidzi chimauma n'kukhala chosachedwa kuthyoka. Anachitchinga ku mphepo n'kuchisiya chizizire chokha usiku wonse. Tsiku lotsatira anasalaza pamwamba, n'kuikapo chigamba cha chitsulo chosongoka mbali zonse ziwiri ngati bwato. Anati chigamba cha makona anayi chimaunjika katundu yense pamzere umodzi wopingasa, ndipo mkono umadzathyokera pomwepo.

Zaka zambiri ndaphunzitsa ana kuti sura ya 57 ya Qur'an yolemekezeka imatchedwa Al-Hadid, kutanthauza chitsulo, ndi kuti Mneneri Dawud, mtendere ukhale pa iye, Allah anamufewetsera chitsulo n'kumulamula kuti azilinga bwino ntchito yake. Koma ndinali ndisanakhalepo pansi kuonerera munthu akulinga ntchito yotere. Ndinakumbukanso nkhani yopezeka mu Sahih Muslim, ya tsiku limene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anapisa dzanja mumulu wa chakudya pamsika n'kupeza kuti chonyowa chabisidwa pansi pa chouma. Anadzudzula wogulitsayo chifukwa chosaika chonyowacho poonekera. Dzulo lake ndinali wokonzeka kuigwiritsa ntchito hadisi imeneyi podzudzula amene anapaka penti pamng'alu. Tsopano ndinaona kuti kukhala chete kwanga nakonso kunali penti, ndipo amene akanathyoka naye ndi mnyamata wopanda womulankhulira.

Titaswali Asri ndinapempha a tcheyamani, mwini makina ndi mnyamata uja kuti tikhale pansi pa mtengo wa mango. Ndinafotokoza zonse: kuti ntchito ya m'pangano inali itatha, kuti mnyamata anandichenjeza momveka, ndi kuti ndinamuumiriza ana akuona. Mawu ankatuluka movuta, chifukwa mwalimu amazolowera kuwongola ena. A tcheyamani anakhala duu kwa nthawi, kenako anati, "A Mwalimu, mukanatiuza dzana, sitikanamunyoza munthuyu pamaso pa anthu." Mawu amenewo anandilasa kuposa chilango chilichonse, poti chete wanga anali atalakwitsanso akuluakulu anga.

Mmisiri uja tinamuitana kuti anene zimene anaona, ndipo anabwereza za mitundu iwiri ija osawonjezera kanthu. Tinagwirizana kuti mwini makina alipira mmisiri, popeza chilema chakale chinali m'katundu wake. Ine ndinalipira ndodo, gasi, chigamba ndi mafuta a jenereta, zochokera m'thumba langa, osati m'ndalama za jamaa, chifukwa jamaa sinanditume kuzula chitsa. Zinandidyera gawo lalikulu la malipiro a mwezi umenewo, ndipo kunyumba ndinayenera kufotokozanso kachiwiri. Mnyamata sanadulidwe kanthu, ndipo ntchito yake inapulumuka. Ndinamupepesa pamaso pa onse. Anangoti, "Palibe kanthu, a Mwalimu," koma potsanzikana anandigwira chanza ndi manja awiri.

Inu a kunyanja mukudziwa kuti bwato likayamba kulowa madzi, wanzeru amalikokera kumtunda, kulitembenuza, n'kukolokosa pobowokapo mpaka afike pamtengo wabwino asanamate. Womata pamwamba pa zowola amakadziwira pakati pa nyanja. M'mabanja mwathu, m'makomiti a mizikiti ndi pakati pa ogwirizana pamalonda, milandu yambiri ili ndi mitundu iwiri ngati mng'alu uja. Pamakhala dzimbiri la mnzathu, pamakhalanso poyera pamene tathyola ife. Dzimbiri la mnzathu timaliona msanga, ndipo nthawi zambiri limakhalapodi. Chovuta n'kuloza poyera pathu pamene palibe amene akutifunsa.

Makina anachoka tsiku lachitatu. Mmisiri analangiza mwini wake kuti asathamangire kupaka penti wokhuthala, azithira girizi m'mapini ndi kuyang'ana pachigambapo m'mawa uliwonse. Zimbudzi tinamanga mvula isanalimbe, Alhamdulillah. Chitsa chija makolo anachikumba Loweruka lina ndi makasu ndi nkhwangwa, monga mnyamata ananenera, ndipo chinawatengera m'mawa wonse. Bokosi la choko limene ndinatapamo tsiku lija lidakali pa tebulo langa m'kalasi. Allah atikhululukire zimene tinabisa, ndipo atipatse mtima woziulula wina asanavulale nazo.