Nyumba Zosanja pa Mponela

Munthu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Kasungu pa msewu wa M1 akadutsa Lumbadzi amayenda pakati pa minda ya chimanga ndi zigafa za fodya kufikira atalowa pa Mponela. Kale malowa anali mzere chabe wa masitolo a makonde aatali, pomwe atelala ankakhala ndi makina awo osokera, msika uli chapafupi. Lero Mponela ndiye tauni yaikulu m'boma lonse la Dowa, kuposa ngakhale pa Boma penipeni. Mahotela ake amalandira misonkhano ya maunduna ndi mabungwe ochokera ku likulu, ndipo pakati pa masitolo akale aja payamba kutumphuka nyumba zosanja. Ena akaziona amati chitukuko chafika, ena amati n'kudzionetsera kwa eni ndalama. Koma gwero la nkhaniyi ndi malo, ndipo malowo akuchepa chaka ndi chaka.

Kalembera wa 1998 anapeza kuti m'boma la Dowa munali anthu pafupifupi 410,000. Pofika 2018 chiwerengerocho chinali chitapitirira 770,000. Anthu anachuluka pafupifupi kawiri m'zaka makumi awiri zokha, pomwe nthaka ya kwa Dzoole, kwa Chakhaza, kwa Msakambewa ndi kwa Chiwere sinawonjezekepo ngakhale mzere umodzi. Munda umene gogo ankalima yekha lero adzukulu asanu akugawana. Tauni ikamakula chotambalala, nyumba iliyonse payokha ndi mpanda wake, imadya minda yomwe ikanadyetsa anthu a m'tauni momwemo. Mwini munda amalandira ndalama za puloti n'kuzidya m'miyezi yowerengeka, koma nthakayo sidzamereranso chimanga mpaka kalekale. Pa Dzaleka, m'boma lomweli, pali chithunzi cha zimene zimachitika anthu akapanikizana pa malo ochepa. Malowa, amene kale anali ndende ya akaidi a ndale, anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994. Anakonzedwa kuti asunge anthu pafupifupi 12,000, koma m'zaka zaposachedwapa chiwerengero chinapitirira 50,000, ndipo nyumba zinathithikana mpaka kusowa podutsa.

Tsono kumanga chokwera m'mwamba kuli ndi nzeru yake. Pa puloti imodzi pakhoza kukhala masitolo pansi, maofesi pamwamba pake, ndi zipinda zogona mabanja pamwamba penipeni. Denga ndi limodzi, paipi ya madzi ndi imodzi, waya wa magetsi sayenda ulendo wautali. Nyumba yosanja kawiri, katatu kapena kanayi siifuna chikepe, popeza munthu wamphamvu zake amakwera masitepe popanda vuto, ndipo magetsi akazima palibe amene amatsekeredwa m'mwamba. Nyumba zotere n'zimene tauni ngati Mponela kapena Madisi ingakwanitse kumanga ndi kusamala. Zinyumba zazitali zofika m'mitambo zimene zimaoneka pa zithunzi za Johannesburg zimalira ndalama, magetsi osazimazima ndi akatswiri ochuluka.

Anthu a ku Dowa sayenera kupita kutali kuti akaphunzire za kamangidwe ka tauni, chifukwa likulu la dziko lili pakhomo pawo. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Amene anajambula mapulani anafuna mzinda wa mitengo ndi kapinga. Anaika maunduna pa Capital Hill, mabanki ndi maofesi pa City Centre, mafakitale ku Kanengo, nyumba zogona m'madera osiyanasiyana otchulidwa ndi manambala, ndipo msika ndi masitolo zinatsalira ku Old Town. Nyumba zambiri za pa City Centre n'zosanja mwapakatikati, ndipo zinamangidwa molimba. Chimene chinasoweka ndi anthu okhalapo. Dzuwa likapendeka ogwira ntchito amakwera minibasi kupita ku Area 25, ku Kawale kapena kwa Chinsapo, pakati pa mzinda n'kutsala zii, alonda okhaokha. Wantchito wa malipiro ochepa amathera gawo lalikulu la ndalama zake pa ulendo wa tsiku ndi tsiku. Ngakhale nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010 ndi malo a misonkhano a Bingu International Convention Centre zinakongoletsa deralo, mtunda wa pakati pa pogona ndi pogwirira ntchito sunafupike. Phunziro lake n'lakuti nyumba zosanja zimapindula zikayandikana ndiponso zikasakaniza malonda, ntchito ndi pogona.

Mzinda wa Blantyre uli ndi phunziro lina. M'zaka za m'ma 1980, mu ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda, nyumba zakale ndi zosaoneka bwino za pakati pa mzindawo zinkalembedwa chizindikiro cha nyenyezi yofiira, kutanthauza kuti eni ake azigwetse n'kumangapo zina zamakono. Ena anamangadi nyumba zosanja, koma ena analibe ndalama, ndipo nkhani ya nyenyezi yofiira inapitirira kukambidwa patapita zaka zambiri. Lamulo likhoza kugwetsa nyumba tsiku limodzi, koma kuti ina iimepo pamafunika chuma, ngongole yopezeka mosavuta ndiponso anthu oti adzachite lendi. Tauni imene ikuyamba kumene kukula ili ndi mwayi wokonza zinthu nyumba zisanamangidwe, m'malo modzagwetsa zimene anthu anataya nazo thukuta.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna nyumba yosanja alire ndi zonse zimene nyumbayo imabwera nazo, ndipo choyamba ndi maziko. Nyumba yapansi ikang'aluka, mmisiri amamata ming'aluyo anthu n'kumagonabe. Yosanja ikalephera imagwera anthu amene ali pansi, ogula ndi ogulitsa omwe. Dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imagwedezeka nthawi ndi nthawi, ndipo mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali m'mphepete mwa chigwacho, kumene dziko limatsetserekera ku nyanja. Pa 10 March 1989 chivomezi chinagwedeza Salima ndi madera oyandikana nawo, chinapha anthu ndi kusiya ena zikwizikwi opanda pogona. Mu December 2009 zivomezi zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga. Choncho mwini nyumba amene amachepetsa simenti, amene amagula zitsulo zopyapyala, kapena amene amasanjika chipinda china pamwamba pa sitolo yomwe maziko ake anakumbidwira nyumba yapansi, akuika miyoyo ya anthu pachiswe. Mmisiri wa m'mudzi akhoza kukhala waluso poyala njerwa, koma kuwerengera kulemera kumene nsanamira ingasenze ndi ntchito ya injiniya. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi madzi. Banja lokhala pa nsanja yachitatu silingakumbe chimbudzi kuseri kwa nyumba, ndiponso mayi sangamakwere masitepe ndi ndowa pamutu kasanu pa tsiku. Nyumba yosanja imafuna madzi a m'mipope amphamvu zokwera pamwamba, thanki yosungira, ndi njira yabwino yotayira zonyansa. Mabanja khumi akadalira dzenje limodzi losakonzedwa bwino, zonyansa zimalowa m'zitsime za anansi. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unasonyeza kuopsa kwa kuchulukana pa malo opanda madzi aukhondo. Ngalande za madzi a mvula, malo otayira zinyalala ndi misewu yoti galimoto yozimitsa moto idutse ziyenera kulingaliridwa njerwa yoyamba isanayalidwe.

Chachitatu ndi mitengo. Mapiri a Dowa ameteka kale mpala chifukwa cha nkhuni, makala, milimo ya zigafa ndi mauvuni a njerwa. Nyumba yaikulu ikamangidwa ndi njerwa zootcha, nkhalango ina imapsera mu uvuni. N'chifukwa chake mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu, n'kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa zina zosafuna moto. Tauni imene ikupulumutsa minda pomanga chokwera isamalize mitengo ya m'mapiri pa ntchito yomweyo.

Pali anthu enanso amene saoneka pa mapulani, koma ndiwo moyo wa tauni: mayi wogulitsa tomato ndi mbatata, mnyamata wa kabaza, wokazinga tchipisi, telala wa pakhonde. Nyumba yatsopano ikafika, lendi imakwera, khonde limatsekedwa ndi magalasi, ndipo anthuwa amakankhidwira m'mphepete mwa msewu, kumene malole amathamanga usana ndi usiku. Mlimi wochokera ku Kayembe akabwera pa Mponela amafuna banki, amafunanso msika ndi pokonzetsa njinga. Ojambula mapulani akasiya malo a msika, depoti ndi makonde otakasuka, nyumba zosanja ndi malonda ang'onoang'ono zimadyetsana.

Malamulo oyendetsera zonsezi alipo. Lamulo la Physical Planning Act la mu 2016 linapereka mphamvu zoona za mapulani a malo m'dziko lonse, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika kukula kwa matauni ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Koma lamulo lolembedwa papepala silikumba ngalande. Mutu umodzi susenza denga: khonsolo, mafumu amene amadziwa malire a malo, eni mapuloti, amisiri ndi amalonda ayenera kukhala pansi pamodzi tauni isanathithikane.

Ophunzira amene ali m'makalasi a ku Robert Blake pa Kongwe ndi m'masukulu ena a m'bomali ndiwo adzakhale mainjiniya, makhansala ndi eni nyumba a mawa. Ena mwa iwo adzapatsidwa mapulani kuti asayine, ndipo tsiku lina munthu adzabwera ndi ka envelopu kuti nyumba yopanda maziko oyenera ivomerezedwe msanga. Pa tsiku limenelo adzakumbuke kuti pansi pa nyumbayo padzakhala mayi wogula mchere ali ndi mwana kumbuyo.